Mwaika zonse za forged koma big-block ikugogodabe: pomwe zimalakwikira

Nkhani iyi imabwerabwera ndipo imayamba mofanana nthawi zonse. Munthu wasunga ndalama miyezi yambirimbiri, wagula ma pisitoni a forged, ma konrodi a H-beam (ooneka ngati H mukawadula pakati), kilanki ya chitsulo cholimba cha 4340, wamanga big-block yake, injini yaikulu ya V8 ya Chevrolet ya ma cubic inch 454, kapena waikuza kufika 496, tsiku loliza lafika injini yalira bwinobwino aliyense mano pamtunda. Pakangotha masabata awiri atatu ndi uyo wayamba kudandaula, akuti ikugogoda mmawa, wina akuti ikunjenjemera mpaka galasi loonera kumbuyo silikuoneka kanthu, wina wapeza tizitsulo tonyezimira mu oyilo, wina konrodi yaboola buloko n'kusuzumira panja. Ndiye funso limakhala lomwelomwelo, "koma zonse ndi za forged, zatheka bwanji?"

Zimatheka bwinobwino. Forged amangotanthauza kuti chitsulocho anachisula. Cha cast amasungunula n'kuthira m'chikombole, chikazizira njere zake zimakhala zongomwazikana, pomwe cha forged amachitenthetsa n'kuchipsinja ndi makina olemera mpaka njere zake zimatsata maonekedwe a chinthucho ngati mmene mitsempha ya mtengo imatsatira nthambi. N'chifukwa chake chimayamba chapindika chisanathyoke. Basi, nkhani yake ndi yomweyo. Kusulako sikuyeza mpata, sikuchita balansi, sikudziwa kuti ma hedi anu ndi otani. Mwa ma injini omwe ndawaonapo atafa ali ndi zida zosula, ochepa kwambiri anafa chifukwa chitsulo chinali chofooka, ambiri zidazo zinali zabwino koma sizimagwirizana zokhazokha, kapena palibe anagwira micrometer yoyezera mipata.

Tisanalowe mu zizindikiro, funso limodzi lomwe anthu amalizemba: injiniyo izigwira ntchito yanji, ndipo izizungulira mpaka pati? Kilanki ya cast ya 454 yopanda mng'alu imapirira cha m'ma 500 hp ngati simukudutsa 6000 rpm, anthu ambiri ayenda nazo zaka. Ine ndalama zitakhala zochepa ndingayambe ndi ma pisitoni, kenako ma konrodi ndi mabawuti ake, kilanki pomaliza. Koma ngati mukuganiza za zoonjezera mphamvu monga nitrous, blower, turbo, kapena mukufuna stroke yaitali, ndiye kuti mtunda womwe pisitoni imayenda, pamenepo zitatu zonse zikhale zosula ndipo muzigule ngati banja limodzi.

Ikugogoda ikazizira, ikatentha imasiya

Ili ndiye dandaulo nambala wani, ndipo nthawi zambiri si vuto n'komwe, ndi pisitoni yomwe munasankha. Ma pisitoni osula amabwera a mitundu iwiri ya aluminiyamu, 4032 ndi 2618. Ya 4032 ili ndi silikoni cha m'ma 12 peresenti, siifufuma kwambiri ikatentha, ndiye imalowa mu silinda ndi mpata wochepa, imakhala chete, ndipo mizere yomwe mumakhala ma ringi siitha msanga. Ya 2618 silikoni mulibe kwenikweni, imafufuma kwambiri, ndiye amaipatsa mpata waukulu ikakhala yozizira kuti ikatentha isagwire khoma. Mpata umenewo ndi womwe mukumva mmawa, pisitoni ikupendekera uku ndi uku n'kumamenya khoma ndi siketi yake. Pa bore, kukula kwa bowo la silinda, ya mainchesi 4.250 mpaka 4.500, ya 4032 kawirikawiri imafuna mpata wa cha m'ma 0.003 ya inchi, ya 2618 imafuna 0.004 mpaka 0.006 malinga ndi ntchito. Manambala enieni ali pa pepala lomwe limabwera mu bokosi, lija anthu amataya limodzi ndi mapulasitiki.

Mungadziwe bwanji kuti ndi kugogoda kosaopsa? Mvetserani nthawi yake. Ka pisitoni kamamveka ngati kabelu kosamveka bwino, mkati mwa buloko, ndipo kamazimirira pang'onopang'ono madzi akamatentha, pakatha mphindi zingapo zii. Kugogoda kwa beyaringi ya konrodi kumachita mosiyana, oyilo akatentha n'kupyapyala ndi pomwe kumakula, ndipo singano ya oil pressure imatsika nako. Mukazula waya wa pulagi wa silinda yodwalayo phokoso limachepa. Palinso kamodzi komwe kamanamiza anthu ambiri, gasiketi ya ekizozi ikamatulutsa mpweya pa hedi imachita tiki-tiki ikazizira n'kusiya chitsulo chikafufuma, munthu mpaka kutsitsa injini yonse chifukwa cha bawuti imodzi yomasuka. Yang'anani mwaye wakuda mozungulira ma header kaye. Mukakayikabe, dulani fyuluta ya oyilo mutambasule pepala lake padzuwa, ngati muli tinyenyeswa ta mtundu wa kopa, musailizenso.

Kusankha kwake ine ndimati chonchi: galimoto yoyenda pamsewu masiku ambiri, yopanda nitrous kapena ili ndi kochepa chabe, tengani 4032. Ya 2618 ndi ya injini yomwe izimenyedwa, chifukwa detonation, kuphulika kwa petulo kosalamulirika mu silinda, ikabwera imaphwanyika pang'ono n'kupirira mmalo mosweka. Anthu amathamangira 2618 poganiza kuti yodula ndiye yabwino, kenako akudandaula phokoso ndi kudya oyilo pa galimoto yongozungulira nayo Loweruka. Ndipo ngati munatenga 2618, muziidikira itenthe musanaiponde.

Choopsa zedi ndi mbali inayo, mpata kuchepa. Ndinaonapo big-block ya 489 yomwe anthu opala ma silinda, sindiwatchula, anaipala ndi mpata womwe anazolowera pa ma pisitoni a cast, pafupifupi 0.002, pomwe ma pisitoni anali a 2618. Inali chete ngati injini ya fakitale, mwini wake kusangalala. Ulendo woyamba wautali itatentha bwino ma siketi anakhula khoma mbali zonse zinayi pafupi ndi pini, aluminiyamu kumatirira pa silinda. Choncho ma pisitoni apite limodzi ndi buloko kokapalitsa, ayezedwe pa malo omwe wopanga wanena, mopingasa ndi pini, chakumunsi kwa siketi osati pamwamba chifukwa pisitoni si yozungulira ndendende komanso kumutu ndi yocheperako. Ndipo apale atamangapo torque plate, chitsulo chomangidwa mmalo mwa hedi, apo ayi silinda imakhala yozungulira pa benchi koma mukamanga hedi imapotoka.

Pisitoni yabenthuka kumutu

Mukachotsa hedi n'kupeza m'mphepete mwa pisitoni mwatukuka kapena mwachoka kachidutswa pamwamba pa ringi yoyamba, pali anthu awiri owakayikira, ring gap, mpata wa pakati pa mapeto a ringi, ndi detonation. Ringi ikatentha imatalika, mapeto ake awiri akakumana ilibe kothawira, imakanirira khoma n'kuzula mutu wa pisitoni. Chizindikiro chake, mapeto a ringi amakhala onyezimira ngati apukutidwa. Kawerengedwe kake n'kosavuta: bore kuchulukitsa ndi 0.0045 pa injini yopuma yokha ya pamsewu, ndiye pa 4.310 mukupeza cha m'ma 0.019 mpaka 0.020. Mukaika nitrous kapena boost ya turbo kapena blower mumakwera kufika 0.0055 kapena 0.006 pa inchi iliyonse, kutanthauza 0.024 mpaka 0.026, ndipo ringi yachiwiri masiku ano amaipatsa mpata wokulirapo pang'ono kuposa yoyamba kuti mpweya usatsekeredwe pakati n'kutukula yapamwamba. Vuto limabwera apa: munthu anamanga injini akunena kuti nitrous ayi, chaka chamawa botolo lili mu buti, ma ringi ndi omwe aja. Ngati mumadzidziwa kuti mtima wanu sukhazikika, palani mpata wokulirapo lero. Mpata wokula pang'ono mumataya kamphamvu kosaoneka, wochepa mumataya injini.

Detonation nayo pa big-block ya Chevrolet imayambira pa kusankha dome, chitunda cha pamutu pa pisitoni, osayang'ana ma hedi. Chamber ndi kadzenje ka mu hedi komwe petulo amayakira, ndipo ma hedi ake alipo a closed chamber, cha m'ma 100 mpaka 110 cc, ndi a open chamber omwe ambiri ali pafupi ndi 118 kapena 119 cc. 454 ya ma pisitoni a fulati ndi ma hedi a open chamber compression yake imangokhala cha m'ma 8:1, yaulesi, n'chifukwa chake anthu amafuna dome. Koma tengani 496 ya dome ya 18 cc: ndi ma hedi a 118 cc muli pafupi ndi 10:1, mukasintha n'kuika a 110 cc mwadutsa 10.5:1, ndipo ngati ma hediwo ndi achitsulo osati aluminiyamu, petulo wamba sangakukhululukireni. Komanso dome yopangidwira open chamber imatha kugunda hedi ya closed chamber, ndiye si nkhani ya manambala okha, maonekedwe nawonso. Yezani ma cc a ma hedi anu enieni ndi burette, kachubu koyezera madzi, musakhulupirire zomwe munauzidwa pogula, hedi yakale mwina inapalidwapo kawiri. Ma pulagi amakuuzani msanga, timadontho takuda ngati tsabola kapena tonyezimira pa choyera chija ndi pisitoni yanu ikusungunuka pang'onopang'ono. Bwezani timing, onjezani mafuta, fufuzani.

Ndipo poti ma valavu a big-block ndi aakulu komanso opendekeka, ikani dongo loumbira pa pisitoni, mangani hedi, zungulizani ndi manja kawiri, dulani dongolo muyeze. Osachepera 0.080 ku intake ndi 0.100 ku ekizozi, muonenso m'mbali mwa kadzenje ka valavu osati pansi pokha. Mukadzasintha cam mudzabwerezenso.

Zida zafika koma sizikugwirizana

Apa ndi masamu a pulayimale koma ndi pomwe ndalama zambiri zimapita. Buloko wamba ya big-block Chevrolet kuchokera pakati pa kilanki kufika pamwamba ndi mainchesi 9.800. Theka la stroke, kuphatikiza kutalika kwa konrodi, kuphatikiza compression height ya pisitoni, kuchokera pakati pa pini kufika pamutu pake, ziyenera kukwana mmenemo. 454 ya fakitale: stroke 4.000 ndiye theka ndi 2.000, konrodi 6.135, yatsala 1.665, ndipo ma pisitoni ambiri ogulitsidwa ndi 1.645 kuti atsale pansi ndi 0.020. 496 ya stroke 4.250 ndi konrodi ya 6.385: 9.800 kuchotsa 2.125 kuchotsa 6.385 yatsala 1.290, pisitoni yake ndi 1.270. Mukagwiritsa konrodi yaifupi ija ya 6.135 pa stroke yomweyo pisitoni iyenera kukhala 1.520. Ndiye wina amagula ma konrodi a 6.385 kwa mnzake chifukwa anali otchipa, ma pisitoni a 1.520 kwina, akazungulitsa pisitoni ikutuluka pamwamba pa buloko ndi pafupifupi kota ya inchi. Palibe gasiketi ingakonze zimenezo.

Samalaninso ndi ma buloko a tall deck, 10.200, omwe anachokera mu ma lole a 366 ndi 427. Amaoneka ngati anzawo koma ndi aatali ndi 0.400, ndi abwino zedi pa stroke yaitali koma zonse ziwerengedwe mwatsopano, mpaka intake ndi distributor.

Ka 0.020 kotsala pansi kaja musakanyoze. Mukaphatikiza ndi gasiketi ya 0.039 quench yanu, mpata wa pakati pa pisitoni ndi hedi, yafika 0.059, yakula, injini imayamba kukonda detonation ngakhale compression isanakwere. Ndi ma konrodi achitsulo mumafuna cha m'ma 0.035 mpaka 0.045, ndiye ambiri amapalitsa buloko kuti pisitoni ifike ndendende pamwamba. Koma mupalitse mutamanga kaye mongoyesa n'kuyeza ngodya zinayi, osati mongoganiza.

Zina zing'onozing'ono zomwe zimabweza katundu: buloko ya m'badwo wa Mark IV, yomwe inayamba mu 1965, ili ndi seal ya kumbuyo ya zidutswa ziwiri, pomwe Gen V ya kuyambira 1991 ndi Gen VI ya 1996 ili ndi ya chidutswa chimodzi, ndipo ma kilanki ake kumbuyo ndi osiyana. Pini ndi 0.990, koma onani ngati ma konrodi anu ali ndi bushing ya floating, pomwe pini imazungulira momasuka, kapena ndi okhomera, ndipo ngati ndi floating musaiwale ma loko, onse, mbali zonse. Pisitoni yaifupi ngati ya 1.270 bowo la pini nthawi zambiri limalowa mu mzere wa ringi ya oyilo, ndiye pamakhala ka support rail koyamba kulowa pansi pake. Mukakapeza katsala mu bokosi injini mutatseka kale, pepani, tsegulani.

Ikunjenjemera

Iyi ndinalakwitsapo ndekha ndiye ndimaidziwa bwino. 396 ndi 427 ndi za internal balance, kulemera konse kuli pa kilanki. 454 ya fakitale ndi ya external, ili ndi cholemera pa damper, gudumu la kutsogolo kwa kilanki, ndi china kumbuyo pa flywheel kapena flexplate, yomwe ndi flywheel ya automatic. Ma kilanki ambiri a 4340 a stroke 4.250 amapangidwa a internal, makamaka oyendera konrodi ya 6.385 chifukwa konrodi yaitali imakweza pisitoni n'kusiya malo a ma counterweight aakulu. Ine ndinamanga 496 ya internal, damper ndinagula yolondola, koma flexplate ndinangotenga yakale ya 454 yomwe inali pakhoma poti mabowo amagwirizana. Pa idle inkangokhala ngati cam yaukali, pofika 2500 chiwongolero chimachita dzanzi m'manja. Ndinataya masiku awiri ndikusintha ma pulagi, mawaya, ma mounting, mpaka kukayikira carburetor, ndisanagwade pansi n'kuona chitsulo chowotcherera pa flexplate chikundiyang'ana.

Kusiyanitsa kwake: misfire imabwera n'kupita, imasintha ndi katundu, ndipo paipi imodzi ya header imakhala yozizirirapo. Kunjenjemera kwa balansi kulipo ngakhale galimoto itaima pa neutral, kumakula ndi rpm, sikusamala kuti injini yatentha kapena ayi. Mukaona choncho yang'anani damper ndi flexplate musanamasule china chilichonse. Ndipo dziwani kuti cholemera cha 454 ya Mark IV si chofanana ndi cha Gen V kapena VI, ndiye mawu oti "ndi ya 454" pawokha sakukwanira. Musayende nayo mukuti izolowera, ma main bearing ndi omwe akulipira.

Chinanso, kiti yolembedwa kuti "balanced" muifunse pepala la bobweight. Bobweight ndi kulemera konse kwa mbali yozungulira, ndiye kuti kumutu kwakukulu kwa konrodi ndi ma beyaringi, kuphatikiza theka la mbali yokwera ndi kutsika, pisitoni, pini, ma ringi, ma loko ndi kumutu kwakung'ono. Mukasintha chimodzi, mwachitsanzo mwaika ma pini okhuthala chifukwa cha boost, nambala yasintha. Ngati zida zanu zalemera kuposa zomwe kilanki inapangidwira, amaboola counterweight n'kukhomeramo Mallory, chitsulo cholemera cha tungsten, ndipo chimadula moti kutchipa komwe munapeza pa ma konrodi olemera kumathera pomwepo.

Ma beyaringi adyeka m'mphepete

Mwatsegula sump, beyaringi pakati ili bwino koma mbali imodzi yanyezimira kapena yafika pa kopa. Pafupifupi nthawi zonse ndi fillet. Kilanki yosula ya mpikisano pomwe journal, malo okhala beyaringi, imakumana ndi tsaya la kilanki amapasiya pokhota kwambiri, ambiri 0.125, chifukwa mng'alu umayambira pa ngodya yakuthwa. Beyaringi wamba ndi yotambalala, m'mphepete mwake mumakwera pa kukhotako. Imafunika yocheperako m'lifupi kapena yosemedwa m'mphepete, ndipo pa ma konrodi ya pamwamba ndi ya pansi zimakhala zolembedwa, musazisinthanitse. Konrodi nayonso kumutu kwakukulu mbali imodzi ndi yosemedwa kwambiri, imeneyo iyang'ane ku tsaya la kilanki, mbali ya fulati iyang'ane konrodi inzake. Mukatembenuza imodzi kilanki imalimba pozungulitsa ndi manja, ndipo anthu ena mmalo moima amangotenga chitsulo chachitali n'kukakamiza.

Mpata wa oyilo, poyambira pabwino ndi 0.001 pa inchi iliyonse ya journal. Ya konrodi ndi 2.200 ndiye 0.0022 mpaka 0.0027, main ndi 2.750 ndiye pafupi ndi 0.003. Yezani ndi micrometer ndi dial bore gauge, journal iliyonse, malo awiri atatu. Kilanki yatsopano mu pulasitiki si umboni kuti ndi yoongoka kapena kuti journal siyopendekera mbali imodzi, ndipo tsukani mabowo a oyilo ndi kaburashi mpaka nsalu yoyera ituluke yoyera. Kusuntha kwa kilanki kutsogolo ndi kumbuyo kukhale cha m'ma 0.005 mpaka 0.008. Ngati thrust, beyaringi yoletsa kusunthako, yadyeka kumbuyo kokha, musaimbe mlandu kilanki, onani torque converter yomwe ikukankha kapena phazi lokhalira pa kilatchi. Mukachotsa mabawuti a main n'kuika ma stud, mabowo amasintha pang'ono, ayezedwenso ndipo mwina apalidwe align hone kuti akhalenso pa mzere umodzi.

Konrodi yatuluka

Anthu amakangana usiku wonse za H-beam ndi I-beam, koma zoona zake pa injini ya 600 kapena 700 hp zonse ziwiri zikakhala za 4340 zopangidwa bwino zimakwana. Chomwe chimaduka kawirikawiri ndi bawuti, kapena beyaringi inayamba yazungulira n'kutenthetsa konrodi mpaka kuda. Ndiye musanaweruze yang'anani mtundu wa chidutswacho: chakuda kapena chabuluu, vuto linali oyilo ndi beyaringi, choyera, bawuti itaduka kapena kuonda pakati, vuto linali kumanga kapena rpm.

Konrodi imavutika kwambiri osati pa kuphulika ayi, koma pisitoni ikafika pamwamba pa stroke ya ekizozi, palibe mpweya woikankhira pansi, kilanki ikukokera pansi pisitoni ikufuna kupitirira, ndiye mabawuti awiri okhawo ndi omwe akugwira zonse. Mphamvu yokokayo imakula ndi rpm kuchulukitsa ndi rpm yomwe, kuchoka pa 6000 kufika 7000 mwaonjezera 36 peresenti. Ndipo stroke yaitali imaonjezera, 4.000 pa 6000 rpm pisitoni ikuyenda mafiti 4000 pa mphindi, 4.250 pa 6500 yafika 4600. Pisitoni ya big-block ndi yolemera kale. N'chifukwa chake rev limiter ndi chida cha forged chotchipa kuposa zonse, ndipo giya imodzi yophonya imatha kutalikitsa bawuti lero n'kudzaduka mwezi wamawa mukuyenda pang'onopang'ono.

Ma konrodi a fakitale analipo a mabawuti a 3/8 ndi a 7/16, aakuluwo anali mu ma injini amphamvu ngati LS6 454 ya 1970 ija ya 450 hp. Mukasintha mabawuti pa konrodi ya fakitale, kumutu kwakukulu kuyenera kupalidwanso kuti kubwerere kukhala kozungulira, ndipo mukawerengera ntchito yonseyo nthawi zambiri bola kungogula atsopano. Pa atsopanowo, mabawuti a chitsulo cha 8740 amakwana pa ntchito ya pamsewu, ARP2000 ndi pomwe ambiri a stroker amaima, L19 ndi olimba kuposa apo koma sagwirizana ndi chinyezi, amafuna kukhala opakidwa oyilo nthawi zonse ndipo osawagwira ndi manja a thukuta, ndiye pa galimoto yokhala miyezi itaima ine sindingawasankhe.

Kumanga kwake, stretch gauge, choyezera mmene bawuti yatalikira. Torque wrench imayeza kukhakhala kwa ma thread ndi mafuta omwe mwapaka, osati kukoka kwenikweni, mukasintha mafutawo nambala yomweyo ya torque imapereka kukoka kwina. Yezani bawuti iliyonse isanamangidwe, lembani m'kope, mangani mpaka italike ndi mlingo womwe uli pa pepala la wopanga. Tsiku lomwe mudzamasule, yezaninso, yomwe yatalikiratu ndi 0.001 osabwerera itayeni. Ma konrodi a aluminiyamu asiyireni a drag, amatopa msanga, amawerengedwa ma run, komanso amatalika akatentha ndiye amafuna quench yokulirapo.

Za kukhula buloko ndingodutsapo mwachangu. Stroke ya 4.250 mu buloko ya fakitale mitu ya mabawuti a konrodi imayandikira kumunsi kwa ma silinda ndi m'mphepete momwe mumamangidwa sump, mufuna mpata wosachepera 0.060 paliponse, ndipo onaninso cam, sump yeniyeniyo ndi windage tray, kachilata kotchinga oyilo pansi pa kilanki. Palani pang'onopang'ono, mbali ina muli njira ya oyilo ndipo kuseri kwa ma silinda kuli madzi. Zonsezi zichitike buloko isanatsukidwe komaliza.

Omwe muli ndi Ford 460 kapena Mopar 440 musaone ngati zakudutsani, manambala okha ndi omwe asintha. 460 ndi bore 4.360 stroke 3.850 konrodi 6.605, ndipo inasintha kuchoka internal kupita external cha mu 1979, ndiye msampha wa flexplate uja ukudikiraninso. Ma kiti ake ambiri a stroker amachepetsa journal ya konrodi kuchoka 2.500 kufika 2.200 ya Chevrolet, kutanthauza kuti ma beyaringi olembedwa 460 sangalowe. 440 ndi 4.320 ndi 3.750, ya kilanki yosula yambiri ndi internal, ya cast ndi external, mukasintha kilanki damper ndi converter kapena flywheel zisinthe nazo.

Pa kilanki yakale yomwe wogulitsa akulumbira kuti ndi yosula, yang'anani msoko womwe zikombole zinakumana. Wa cast ndi kamzere kopyapyala kakuthwa, wa forged ndi wotambalala ngati chala ndipo umaoneka kuti unapalidwa. Zoigogoda ndi hamala kuti mumve ngati ikulira ngati belu zimathandiza pang'ono koma sizingakuonetseni mng'alu waung'ono pa fillet, ipite ku Magnaflux, kufufuza ming'alu ndi maginito, musanalipire. Dziwaninso kuti yosula ya fakitale nthawi zambiri ndi chitsulo cha 1053 kapena 5140, si 4340, ndipo ngati inapalidwapo kale mpaka 0.030 khungu lake lolimba lija mwina linapita.

Ine pogula ndimayamba ndi buloko, itsukidwe, ionedwe ming'alu, makoma ayezedwe ndi sonic test kuti ndidziwe ngati kukuza bore ndi 0.060 kungatheke kapena ndiime pa 0.030, chifukwa mukagula ma pisitoni a 4.310 buloko n'kupezeka yopyapyala mwatsala ndi zokongoletsa pa shelefu zisanu ndi zitatu. Kenako ma hedi ndi ma cc ake, kenako cam, pamenepo ndi pomwe ndimaitanitsa kilanki, ma konrodi ndi ma pisitoni, limodzi ndi damper ndi flexplate, zonse zipite ku balansi tsiku limodzi. Zikabwera ndimamanga mongoyesa popanda ma ringi, silinda imodzi pa ngodya iliyonse, kope lili pambali, n'kuzungulitsa ndi dzanja. Pakalimba paliponse ndimaima pomwepo n'kumasula kapu yomwe ndamanga komaliza.